Lachinayi Lopanda Mwewa

Ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, mbali ija kumene miyala imatumphuka m'nthaka ngati misana ya ng'ombe zogona, kunalibe khomo limene Hafswa Tahir sanagogodepo. Ankagwira ntchito m'kabungwe kakang'ono koona za umoyo wa ana, ndipo ntchito yake inali kufunsa. Madzi mumatunga kuti? Ana osafika zaka zisanu muli nawo angati? Sabata ziwiri zapitazi alipo amene anatsegula m'mimba? Azimayi ankamuzindikirira patali ndi mpango wobiriwira umene ankafunda kumutu, ndipo ena ankayamba kuyankha iye asanatulutse n'cholembera chomwe.

Ofesi ya kabungweko inali zipinda ziwiri kuseri kwa shopu yogulitsa simenti. Chipinda chakutsogolo chinali cha bwana wawo, Karen, mayi wachangu amene foni sinkachoka pakhutu pake. Chakumbuyo, cha zenera limodzi loyang'anizana ndi khoma, chinali cha Mwewa, Mbemba wa ku Mufulira amene ankachita lendi ku Lilanda. Iyeyu ndiye ankasandutsa mayankho a Hafswa kukhala malipoti.

Lachinayi lililonse masana Hafswa ankabwera ndi mapepala a sabata yonse n'kukhala pa benchi pambali pa Mwewa. Hafswa ankawerenga mokweza, Mwewa akulowetsa m'kompyuta. Akamaliza, Mwewa ankatsegula pulogalamu yake yakale yowerengera manambala, imene sinkamva chilankhulo cha munthu aliyense. Inkafuna malamulo olembedwa mwa njira yakeyake, ndipo ukangoiwala kadontho kamodzi inkakulavulira mizere yofiira n'kukhala duu.

"Yakalipa futi," ankatero Mwewa akukanda chibwano. "Iyi ili monga ba landilodi banga. Ukalakwisa chabe moni, ninshi nkhani yasila."

Magetsi akazima, ndipo ankazima kawirikawiri, ankadikira. Mwewa ankatuluka kukagula chinangwa chowotcha ndi mtedza kwa mayi wa pamsewu, n'kudzayala pa nyuzipepala pakati pawo. Ankasimba za bambo ake amene ankamutenga kukawedza ku Kafue koma osabwerako ndi nsomba. Hafswa ankasimba za bambo ake, a Tahir, amene anachoka ku Mangochi ali mnyamata, nadzakhazikika ku Kanyama kumasula mbaula ndi ndowa za malata, osabwereranso kwawo mpaka tsitsi kuyera.

Mwewa anali munthu wokonda kutsutsa. Hafswa akanena kuti ana a kumunsi kwa msika ndiwo akudwala kwambiri, iye ankapukusa mutu. "Awe, ba Hafswa. Nionetseni." Ndipo ankakangana mpaka chinangwa kuzizira. Nthawi ina kompyuta inanena kuti ana amene anawerengedwa, pa avareji, anali a zaka khumi ndi chimodzi, pamene onse anali osafika zaka zisanu. Anasakasaka cholakwa Malachinayi atatu. Pomaliza anapeza kuti Hafswa, mayi akati sakukumbukira zaka za mwana, ankalemba 99, ndipo kompyuta inkatenga tiana timeneto ngati nkhalamba. Anaseka tsiku limenelo mpaka Karen anasuzumira pakhomo.

Zinapita zaka zitatu chomwecho, ndipo panalibe liwu limene linanenedwa pakati pawo loti munthu wina sakanayenera kulimva. Hafswa anali Msilamu, mwana yekhayo wotsala pakhomo pa bambo wamasiye. Mwewa ankaimba kwaya ku tchalitchi cha ku Matero. Onse awiri ankadziwa zimenezi monga momwe munthu amadziwira dzenje la panjira yake, amangolilambalala osaliyang'ana. Komabe mwezi wa Ramadani ukafika, Mwewa ankasiya kugula chinangwa. Ankati m'mimba mukumuvuta. Chaka chilichonse m'mimba mwake munkavuta mwezi womwewo, n'kuchira tsiku la Idi.

Kenako, m'mwezi wa Juni, Karen anabwerako kumsonkhano wa m'tauni ndi nkhani. Mapepala atha, mayankho azilembedwa pafoni pomwepo pakhomo la munthu. Pulogalamu yakale nayonso nthawi yake yatha. Tsopano kuli ina yochita kucheza nayo ngati munthu: umaipatsa tebulo la manambala, n'kuifunsa chimene ukufuna m'mawu ako omwe.

Amene anaionetsa kwa anzake anali Mwewa mwini wake, ndipo anali wokondwa ngati wagula njinga yatsopano. Anaipatsa dala tebulo lakale lija, losakonza. Anayamba kuifunsa m'Chingerezi, kenako mwanthabwala analemba m'Chinyanja cha m'komboni: "Niuzeko, ni bana bangati banadwala mu zoni iliyonse?"

Sipanathe mphindi. Panatuluka tebulo, panatuluka chithunzi cha mizati yaitali ndi yaifupi, ndipo pansi pake panali mawu: "Ndaona kuti pa zaka za ana nambala 99 yabwera kambirimbiri. Kodi ikutanthauza kuti zaka sizikudziwika? Ngati ndi choncho, ndiichotse powerengera avareji."

Mwewa anawomba m'manja, kuseka mpaka kutsamira khoma. "Ise milungu itatu, aba miniti imodzi! Aba ni ba Mayankho. Tiziba patsa ulemu."

Dzina linakhala lomwelo. Hafswa nayenso anaseka. Koma atakweza maso anaona wotchi yapakhoma ikunena kuti yangopitirira 2 koloko, ndipo ntchito yonse ya Lachinayi inali itatha. Anakhalabe pa benchi, chikwama chili pamiyendo, akusowa chifukwa chokhalira.

Patapita miyezi iwiri Mwewa anapeza ntchito yophunzitsa pa koleji ina ku Kitwe, kutali ndi Lusaka. Palibe anamuthamangitsa. Anangoona yekha kuti mpando wake wapepuka, ndipo Karen sanamukakamize kukhala. Ananena kuti Hafswa ndi ba Mayankho akwanitsa.

Tsiku lomaliza Mwewa anamukhazika Hafswa pampando wake, iye n'kukhala pa benchi.

"Vinthu vitatu chabe," anatero. "Maina ya banthu musaikemo. Ikakupatsani yankho, muziiuza ikuonetseni mwamene yapezela. Chachitatu, ngati nambala yakana kugwilizana na vamene munaona na maso, musaope kukana."

"Na imwe nikafuna kukufunsani?"

"Foni ilipo. Muzinitumilako uthenga."

Sankagwirana chanza. Mwewa anaika dzanja pachifuwa monga anaphunzirira kwa iye, nawerama pang'ono. Hafswa anachita chimodzimodzi. Loweruka, tsiku la ulendo wa Mwewa, Hafswa anadzuka m'mawa, navala, nafika mpaka pamsewu pokwerera minibasi za m'tauni. Anaima pamenepo mpaka minibasi zinayi zinadzaza n'kupita, kenako anagula tomato n'kubwerera kunyumba.

Ntchito inayenda, kunena zoona. Ba Mayankho sankatopa, sankakalipa, sankamva njala. Hafswa ankalemba funso monga momwe angafunsire mnansi, Chinyanja chosakaniza ndi Chingerezi, ndipo yankho linkabwera madzi a tiyi asanawire. Akapanda kumvetsa, ankafunsanso, n'kufotokozeredwa ndi chitsanzo cha matumba a makala kapena mulu wa kapenta. M'miyezi yochepa anadziwa zinthu zimene kale ankangoziona zikudutsa pa kompyuta ya Mwewa. Malipoti ankatuluka msanga, ndipo Karen ankamutama pamaso pa alendo.

Koma Lachinayi linasanduka tsiku lalitali. Mwezi woyamba sanathe kukhala pampando uja. Ankakokera laputopu kumbali ya benchi, n'kumagwira ntchito atapendekeka. Mayi wa chinangwa anamufunsa kawiri za "ba Bemba baja", kenako analeka.

Uthenga woyamba wa Mwewa unabwera patangopita masiku awiri: Kitwe ikuzizira, ophunzira akugona m'kalasi. Wina unabwera patapita atatu. Hafswa ankayankha uliwonse mosamala, kulemba, kufufuta, kulembanso, mpaka kutsala mizere iwiri yopanda vuto. Ndipo mwa chizolowezi cha ntchito yake, ankalemba madeti kumapeto kwa kope.

Lachinayi lina la mu Novemba, kunja kukutentha ngati m'ng'anjo, atamaliza lipoti, anatsegula kope lija nalemba pa laputopu: 2, 3, 3, 6, 9, 14, 23. Anafunsa kuti manambalawa akuonetsa chiyani.

"Akukula, ndipo kakulidwe kake kakunka kufulumira," anayankha ba Mayankho. "Koma manambala asanu ndi awiri okha ndi ochepa kuti tinenerepo zotsimikizika. Kodi akuimira chiyani?"

Hafswa anayang'ana kukhomo. Karen anali pafoni. Analemba: "Masiku a pakati pa uthenga ndi uthenga. Wotsatira ubwera liti?"

"Zikapitirira chomwechi, mwina pakadutsa mwezi ndi sabata. Koma manambalawa sakunena chifukwa chake. Munthu atha kukhala chete chifukwa chotanganidwa, kapena chifukwa chosowa poyambira. Amene akudziwa ndi wolembayo. Nanga inuyo mumayamba kumulembera kangati?"

Anatseka laputopu pang'onopang'ono. Sanayambepo n'kamodzi komwe. Iye ankangoyankha. Madzulo amenewo anatenga foni katatu, koma chimene ankafuna kunena chinalibe khomo lolowera. Munthu sungangolembera mwamuna wa ku Kitwe kuti Lachinayi lakula.

Mvula inabwera yambiri chaka chimenecho. Mu Januwale madzi anadzaza tinjira ta Kanyama mpaka m'mawondo, anthu akuyenda podumpha pa miyala ndi matumba a mchenga. Hafswa ndi anzake awiri anayenda ndi majombo m'makomo mazana anayi ndi khumi ndi awiri. Karen ankafuna lipoti lisanafike Lolemba, chifukwa kunali msonkhano wa atsogoleri a mazoni, zigawo za m'Kanyama, ndi anamwino a kukiliniki.

Lachinayi Hafswa anapereka tebulo kwa ba Mayankho, nafunsa kuti ana odwala ndi ochuluka pati, pakati pa mabanja otunga pa kiyosiki, pamene pamagulitsidwa madzi a m'mipope othira mankhwala, ndi mabanja otunga pa zitsime zokumba pamanja. Yankho silinali limene ankayembekezera. Pa ana zana lililonse a mabanja a pa kiyosiki, odwala anali makumi atatu ndi mmodzi. A pa zitsime, makumi awiri ndi anayi okha.

Zitsime zimenezo ankazidziwa. Zina zinali mapazi khumi kuchokera pa chimbudzi, ndipo mvula ikagwa madzi ake ankakumana pansi. Akakanena nambala imeneyi pamsonkhano, pofika Lachitatu theka la azimayi likanabwerera ku zitsime, n'kumati ngakhale a ofesi anena.

Anauza ba Mayankho kuti amuonetse momwe apezera. Anamuonetsa mzere ndi mzere, ndipo munalibe cholakwa. Anawonjezera kuti kusiyanaku sikukuoneka kwangozi, koma sikukutanthauza kuti kiyosiki ndiyo ikudwalitsa ana, pangakhale china chobisala kumbuyo. Hafswa anayesa kuganiza. Mwina mabanja a pa kiyosiki ali ndi makanda ambiri? Anawerengera, sizinali choncho. Mwina azimayi ake ndi omasuka kunena zoona kuposa enawo? "Zingatheke," anatero ba Mayankho, nafotokoza bwinobwino momwe zingathekere. Mwina n'chifukwa cha kusefukira kwa madzi? "Zimenezonso zingatheke." Anapatsidwa njira zisanu ndi imodzi zoyesera, zonse zaulemu, zonse zomveka. Iye chimene ankafuna chinali munthu woti amupukusire mutu.

Anatenga foni ndi laputopu, natuluka kukakhala pansi pa khonde la shopu ya simenti, mvula ikuwomba malata. Anaimbira Mwewa. Inangolira kawiri.

"Ba Hafswa! Kuli bwino uko?"

Mawuwo anamufika ngati fungo la chakudya kwa munthu amene wasala tsiku lonse.

"Kuli bwino. Nili na nambala yamene yanikana."

"Nibelengeleni."

Anamuwerengera, pang'onopang'ono, monga kale.

"Awe," anatero Mwewa. "Iyo ni boza."

"Si boza. Naona mwamene yapezela, vonse vili bwino."

"Samu ili bwino, koma nkhani ni ya boza. Imwe muganiza chani?"

Hafswa ananena maganizo ake, ndipo Mwewa anawagwetsa limodzilimodzi, mokondwa, mawu akukwera. Hafswa anabweza, namuuza kuti wakhalitsa ku Kitwe waiwala Kanyama. Anakangana ngati anasiyana dzulo. Wogulitsa simenti anatulutsa mutu kuti aone amene akukalipirana naye.

"Imani," anatero Mwewa. "Imwe ndimwe munangena mu manyumba. Baja botapa pa kiyosiki, bonse bankhala pafupi nayo?"

"Iyayi. Benangu bayenda kutali, na wilibala."

"Funso ya nambala seventini ikalimo? Ija ya mamineti yoyenda kukatapa manzi?"

Inalimo. Hafswa anapanikiza foni ndi phewa, nalemba ndi manja onse awiri, kuuza ba Mayankho kuti agawe mabanja a pa kiyosiki pawiri, apafupi ndi akutali. Yankho linabwera asanapume kawiri. Apafupi, ana odwala khumi ndi anayi pa zana. Akutali, makumi anayi ndi atatu.

Anawerenga mokweza. Kenako onse awiri ananena pamodzi: "Madiramu!"

Hafswa anali atawaona kambirimbiri osawaganizira: madiramu abuluu oikidwa kuseri kwa chitseko, odzazidwa kamodzi pa masiku atatu, opanda chovundikira, aliyense akuviikamo kapu ndi dzanja lomwe. Madzi ankachoka pa kiyosiki ali abwino, n'kudzaipira m'nyumba.

"Koma musakambe mu miting'i mukalibe kuona na maso," anatero Mwewa.

"Nanga nimwe munaniphunzisa chani?"

Anaseka. Nkhani ya madzi inali itatha, koma palibe anadula foni. Mwewa anamufunsa za a Tahir, za mayi wa chinangwa, za denga la ofesi ngati likudonthabe. Hafswa ankayankha akuyang'ana madzi akutsika m'ngalande za malata, akulakalaka mvula isakate. Anacheza mpaka foni inaduka yokha.

Lachisanu m'mawa ndi Loweruka lonse anayenda m'makomo makumi atatu akutali ndi kiyosiki. Makumi awiri ndi anayi anali ndi diramu losavundikira. Lolemba anaimirira pamaso pa atsogoleri a mazoni, nafotokoza zonse. Namwino wina wachikulire anafunsa kuti nanga zivundikiro zichokera kuti, popeza madiramu amagulidwa atadulidwa kale pakamwa. Hafswa anangomva pakamwa pake payankha kuti bambo ake amasula malata. Kuyambira sabata imeneyo a Tahir anayamba kupanga zivundikiro zokhala ndi kachitseko, ndi zikho za mpini wautali zotungira, ndipo pakhomo pawo sipankatha azimayi obwera ndi chingwe chimene ayezera kukamwa kwa diramu.

Foni ija itachitika, mauthenga anayambiranso. Tsopano Hafswa nayenso ankayamba. Ankasunga mafunso ena osawapereka kwa ba Mayankho, ngakhale ankadziwa kuti akanayankhidwa m'kamphindi, kuti akhale ndi choyambira. Mwewa ankayankha, nthawi zina tsiku lomwelo, nthawi zina mawa lake. Mu Epulo analemba kuti akubwera ku Lusaka kudzatenga katundu amene anasiya ku Lilanda, ndipo adzadutsa ku ofesi Lachinayi.

Hafswa anachapa mpango wake watsopano, wa maluwa ang'onoang'ono, nausita kawiri. Mwewa anafika masana atavala shati yoyera, atanenepako pang'ono. Karen anamulandira ndi phokoso, nacheza naye pang'ono, foni n'kumuitana. Anatsala awiri m'kachipinda kaja. Panalibe mapepala owerenga. Mwewa anapempha kuti aone momwe amagwirira ntchito masiku ano, ndipo Hafswa anamuonetsa. Zinatenga mphindi zisanu. Kenako magetsi anazima, koma laputopu inapitiriza kuwala ndi batire lake, ngati sichinachitike kanthu.

Mwewa anaseka kaphwete, akuyang'ana khoma la kuseri kwa zenera.

"Nikuuzeni chinthu, ba Hafswa. Ija nchito yamene tenze kutenga ma Lachinayi sikisi, nikanaisiliza mu yabili."

"Na ija mizele yofiila?"

"Yenangu yenze ya zoona. Yambili nenze kulakwisa dala."

Hafswa anayang'ana manja ake. "Ninaziba," anatero motsitsa. "Pamene ninayamba kuchita neka, ninaona kuti sivenze vovuta so."

"Simunakambe."

"Na imwe simunakambe."

Panja wina ankatsitsa matumba a simenti, kuwerenga mokweza. Mwewa anapukuta nkhope ndi manja onse awiri. Pamene anayambanso kulankhula, sanamuyang'ane. Anati kuli mtsikana ku Kitwe, dzina lake Taonga, mphunzitsi wa ana aang'ono, wa kwaya imodzi ndi iye. Makolo anakumana kale mu Disembala. Ukwati ndi mu Ogasiti. Anati sanafune kuti Hafswa amvere kwa Karen.

Mu Disembala. Ndiye kuti tsiku lija la mvula, akukangana za madiramu, nkhani inali itatha kale. Hafswa anamva ngati waponda mwala umene ankauyesa wolimba, n'kupezeka m'madzi.

"Ni wabwino?" anafunsa.

"Ni wabwino maningi."

"Mulungu akudaliseni bonse babili."

Hafswa anamuperekeza mpaka pamsewu. Mwewa anakwera minibasi, nakhala mbali ya zenera, ndipo galimoto itayamba kuyenda anakweza dzanja. Hafswa anabwerera ku ofesi, natsegula laputopu, nayang'ana malo olembapo funso kwa nthawi yaitali. Analibe choti afunse.

Ogasiti anafika ndi mphepo yake ya fumbi. Loweruka la ukwati Hafswa sanapite kulikonse. Anachapa zovala zimene zinali zoyera kale, nasesa pabwalo, nasesanso. A Tahir anali pansi pa mtengo wa mango, pa kampando kawo kafupi, magalasi ali pamphuno, akudula lata ndi sizasi yaikulu.

"Tabwera undigwirire apa, mama," anamuitana.

Anagwada nagwira lata. Bambo ake anakhoma kangapo, kenako anaika hamala pansi.

"Lero ndi tsiku la mnyamata wa Chibemba uja, eti?"

Hafswa anadzidzimuka. Sanatchulepo za ukwatiwo pakhomo. "Mwadziwa bwanji, Ababa?"

"Bwana wako anabwera kudzatenga zivundikiro. Amalankhula kwambiri mayi amene uja." Anatembenuza lata, nayeza ndi chala. "Anabwerapo pano, ukudziwa?"

"Ndani?"

"Mnyamatayo. Lamulungu lake lomaliza asanapite, iwe uli ku maliro ku Chawama. Anavala jekete, dzuwa lonse lija. Anandipatsa salamu yopindikapindika, yochita kuphunzira panjira. Ndinamuyalira mkeka, ndinamuphikira tiyi ndi manja angawa. Anakhala mpaka mthunzi unasuntha, akundifunsa za malata, kuti ndimagula kuti, amachita dzimbiri pakapita nthawi yaitali bwanji. Ine ndikungodikira. Kenako anagula mbaula n'kutsanzika. Atafika pageti paja anaima, anabwerera. Ndinati eya, tsopano anena. Anagula ndowa."

Mphepo inanyamula fumbi pabwalo n'kulimwaza pa zovala zimene zinali pachingwe. Hafswa sanadzuke kukazianula.

"Akananena, mukanamuyankha chiyani?"

A Tahir anavula magalasi, nawapukuta ndi m'mphepete mwa mkanjo. "Ndikanamuvuta. Ndisakunamize, ndikanamuvuta kwambiri. Ndikanamutumiza kwa a shehe, ndikanaitana amalume ako, akanayenda mpaka nsapato kutha. Mwina akanatopa, mwina ayi. Koma munthu umamuvuta akalankhula, mwanangu. Wogula ndowa umangomupatsa ndowa yake."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndinkayesa ukudziwa. Pamene ndinaona kuti sukudziwa, ndinaopa kukutsegulira chilonda. Mwina ndinalakwa." Anavalanso magalasi. "Ndinalakwa."

Hafswa anafuna kukwiya, koma mkwiyo sunabwere. Chimene chinabwera chinali chithunzi cha Mwewa ali mu jekete, akuyenda m'tinjira ta Kanyama masana a Lamulungu, mbaula ku dzanja ili, ndowa ku dzanja linalo, ulendo wonse wa ku Lilanda. Anayamba kuseka, ndipo kusekako kunasanduka china chimene sanathe kuchigwira. Bambo ake sanamuletse. Anangoika dzanja lawo lokhakhala pamutu pake, pamwamba pa mpango, mpaka mapewa ake analeka kugwedezeka.

Pageti panamveka odi. Anali mayi wa ku zoni yakumunsi, mwana kumbuyo, wabwera kudzatenga chivundikiro chake. Hafswa anatembenukira kukhoma, napukuta nkhope, kenako anadzuka kukamulandira. Anamuonetsa momwe kachitseko kamatsegukira ndi pokoleka chikho kuti chisagwe pansi. Mayiyo atapita, analowa m'nyumba, natawadha, kusamba kokonzekera pemphero, napemphera pemphero la masana, ndipo anakhalitsa pa mkeka kuposa masiku onse.

Atatuluka anapeza bambo ake atadula kale malata ena, akumudikira. Anagwada pamalo pomwe paja nagwira. Dzuwa lisanapendeke anali atamaliza zivundikiro khumi ndi chimodzi.